Khitchini ya Munthu Wamanzere

Mvula imene inagwa Lachitatu ija inali ya mtundu umene anthu a ku Phalombe saseka nawo. Kuchokera chaka cha namondwe wa Freddy, mitambo ikangounjikana pamwamba pa phiri la Michesi, amayi amayamba kukulunga zofunda m'mapulasitiki ndi kuitana ana mmodzimmodzi. Choncho kutacha Lachinayi, Chikondwero sanadikire n'komwe tiyi. Anakwera njinga yamoto kuchokera kwawo ku Jenala, mtima uli m'mwamba, kukaona ngati nyumba yosanja imene anajambula pa Migowi inali idakali chilili.

Inali chilili. Madzi anali atatsata ngalande zimene iye anakakamira kuti zikumbidwe, n'kuzungulira maziko aatali aja, n'kupita kukasautsa anthu ena kumsika. M'mashopu a pansi munali mouma gwa. Mosungira nandolo kumbuyo, ngakhale thumba limodzi silinanyowe.

Foni inanjenjemera m'thumba. Meseji inali ya Faiz, chonsecho mwini wakeyo anali ataima pakhonde la pamwamba akumuyang'ana.

"A mapulani, nyumba yanu yakhoza mayeso."

"Tsika undithandize kupala matopewa," anayankha Chikondwero.

"Bambo ali pansipo. Ndikatsika maso anga andiulula."

Umu ndi mmene ankachezera awiriwa, pafupi ngati ali kutali. Faiz anali mwana wa Che Bashiri, mwini nyumbayo, Msilamu wogula nandolo ndi mpunga, amene golosale yawo yakale inapita ndi madzi a Freddy, sikelo ndi zitseko zomwe. Chikondwero anali mtsikana wa mpingo, woimba kwaya, amene anapita ku Blantyre kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Atabwerera kwawo anthu ankamuseka. Ankati kuno ndani angafune wojambula nyumba, pamene mmisiri aliyense amajambula padothi ndi chala cha kuphazi? Woyamba kumukhulupirira anali Che Bashiri. Anamuuza kuti akufuna mashopu pansi, mosungira mbewu kumbuyo, ndipo pamwamba pakhale nyumba yoti Faiz adzakhalemo akadzakwatira.

Faiz anapatsidwa ntchito yogwira kumapeto kwa tepi yoyezera. Makolo asamaiderere tepi. Poyeza puloti amaima wina uku wina uko, koma zipinda zikamachepa nayo imafupika, ndipo pofika tsiku loyeza malo a khitchini awiriwa anali atayandikana moti manambala sankaonekanso bwino. Tsiku limenelo Faiz anati, "Khitchini iyi uijambule ngati udzaphikamo ndiwe." Analonjezanso kuti nyumba ikangotha, awauza bambo ake za iwo awiri. Tsopano nyumba inali itatha, ndipo mwambo wotsegulira unali Loweruka.

Che Bashiri anatuluka mosungira nandolo muja maso ali ofiira. Ataona Chikondwero anaika dzanja pachifuwa.

"Mwana wanga, ndalowetsa dzanja pansi pa thumba lililonse. Fumbi lokhalokha. Anzanga ankandiseka kuti maziko amenewa ndi a mlatho, si a shopu. Lero akukapa madzi ndi zidebe. Alhamdulillah. Ndilibe mawu okukwanira iwe."

"Ine ndiye ndikuthokoza, bambo. Mukanapanda inu bwenzi ndikugulitsa mandasi ndi satifiketi yanga m'chikwama."

Chikondwero ankanena zoona. Munthu ameneyu ankamukonda ngati bambo ake omubereka, ndipo ndicho chinkamuopsa kwambiri.

* * *

Mayi Ruqayya, amayi ake a Faiz, anali atalumbira kuti pamwamba sadzapondapo. Mawondo awo anali atawakana kalekale, ndipo ankakhutira ndi kanyumba kawo ka kuseri. "Masitepe ndi a anyamata," ankatero. Koma m'mawa umenewo anatulukira atafunda mpango woyera n'kuima pansi pa masitepewo.

"Iwe mwana, bwera undigwire. Ndikufuna ndione chimene chawaliza abambo a Faiz."

Masitepewo anali aafupi, otambalala bwino, okhala ndi chitsulo chogwira mbali zonse. Pokhotera panali kabenchi ka simenti, kamene mmisiri wamkulu, a Goliati, anakakana mpaka kutupa mtima kuti n'kuwononga simenti chabe. Mayi Ruqayya atafika pamenepo anakhala, n'kupuma, n'kusisita benchiyo ndi chikhatho.

"Benchi iyi ndi ya ndani?"

"Ya aliyense wotopa, mayi."

"Usandinamize. Pakhomo pano wotopa ndi mmodzi." Anamugwira dzanja osalisiya. "Ana obereka ndekha sanaganizepo za mawondo angawa. Iwe unangondiona ndikutsika minibasi kamodzi. Mulungu akusunge, mwanangu."

Pamwamba anaima pakhonde nthawi yaitali, akuyang'ana Michesi, madenga a msika, ndi kunyezimira kwa madambo a mpunga kutali cha ku Chilwa. Anayendera zipinda. Anasangalala kuona kuti chimbudzi sichinaloze kumene Asilamu amaloza poswali, ndipo Chikondwero anawauza kuti anachita kufunsa kwa shehe asanajambule. Kenako analowa kukhitchini.

Mayi Ruqayya anali aatali, ngati akazi onse a kubanja kwawo. Ataima pathebulo la simenti lodulirapo ndiwo, anachita kuwerama. Anatambasula dzanja lamanja kuti atsegule kabati, koma linagwera mbali yopanda chogwirira. Anayang'ana tizitsulo tokolekapo zipande, tonse tili kumanzere kwa malo a mbaula. Anayang'ana zenera.

"Zenera ili bwanji lili mbali ya kumanja?"

"Kuti kuwala kuzigwera pandiwo, mayi. Dzanja logwira mpeni lisamachite mthunzi."

"Dzanja liti?"

Mayi Ruqayya anayang'ana pensulo imene mtsikanayo anagwira, ndi dzanja limene linaigwira. Kenako anasuzumira pazenera.

"Ndipo msewu ukuoneka apawu ndi wopita ku Jenala."

Manyazi anamugwira Chikondwero mpaka kuphazi. Mapulani amenewa anadutsa m'manja mwa amuna ambirimbiri, ku khonsolo, kwa a Goliati, kwa Che Bashiri eni ake, ndipo palibe amene anaona kanthu. Amuna khitchini amaiona ngati malo amene mbale zimachokera.

"Pepani, mayi. Ndikhoza kusinthitsa."

"Ndani wakuuza kuti usinthe? Ukuganiza kuti sindinkaona mwana wanga akusita malaya popita kukagwira tepi padzuwa?" Anaseka pang'ono, koma kuseka kuja kunathera panjira. "Khala pansi ndikuuze. Za chipembedzo si zazing'ono, koma zimakambidwa. Achimwene anga anakwatira mkazi wa mpingo, ndipo mpaka lero tikudyera mbale imodzi. Cholimba ndi china. Unamvapo za Che Idrisa a ku Chiringa?"

"Anzawo a bambo aja a lole?"

"Omwewo. Tsiku la madzi lija tinali padenga, ine, abambo a Faiz ndi Faiz yemweyo. Dalaivala wawo anakana kubwera. Anayendetsa okha lole ija mpaka pamene msewu unadukira, kwinako anayenda m'madzi ofika m'chifuwa ndi chingwe. Titapulumuka tinakhala kwawo miyezi, osatiwerengera ndi mpunga womwe. Abambo a Faiz anawafunsa kuti ndingakuthokozeni bwanji. Iwo anati tikhale banja limodzi. Ali ndi mwana wamkazi, Jalia."

Chikondwero anafinya pensulo ija m'dzanja.

"Loweruka akufuna kulengeza za ukwati wa Faiz ndi Jalia pamaso pa anthu," anatero Mayi Ruqayya. "Ndakuuza kuti usadzamvere pagulu. Ndi chokhacho ndingakuchitire lero."

* * *

Anakumana kuseri kwa chigayo cha mpunga, malo awo a nthawi zonse, chifukwa phokoso la injini linkameza mawu asanafike m'makutu a anthu a Migowi, amene samva bwino ulaliki koma nkhani za eni amamva ngakhale ali tsidya la msewu.

"Unkadziwa?" anafunsa Chikondwero asanapatsane ndi moni womwe.

Faiz anayang'ana pansi, pa mankhusu a mpunga. "Ndinkamva zikukambidwa. Ndinkayesa ndi zocheza za madala. Ine palibe anandifunsa."

"Unandiuza kuti ndijambule ngati ndidzaphikamo ine, ukudziwa kuti pali wina amene akumukonzera mafuwa."

"Chiko, ndinanena zimene zinali mumtima mwanga, ndipo zidakali momwemo. Jalia ndimamuona ngati mchemwali wanga."

"Iye amakuona ngati mchimwene wake?"

Faiz analizemba funsolo, ndipo anachita bwino, chifukwa bodza likanamuipitsira zinthu.

"Amayi ndinawabereka kumsana ine tsiku lija," anatero. "Chingwe chimene ndinagwira chinali m'chiuno mwa Che Idrisa. Madzi anawagwetsa, n'kudzuka, osachisiya. Ndiye ndikaime pamaso pa munthu ameneyo n'kunena kuti mwana wanu sindikumufuna? Ukanakhala iwe ukanayambira pati?"

Chikondwero anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira. Munthu amene ankamulanda Faiz ndi yemweyo anamutulutsa m'madzi.

"Inenso ndikuwathokoza," anatero misozi ili m'maso. "Akanapanda iwo bwenzi iwe kulibe. Ndimawapempherera ngakhale sakundidziwa. Koma taona, Faiz, zikomo ndi wanu, wolira ndine."

"Mawa tikatuluka kumzikiti ndiwauza bambo. Lachisanu mtima wawo umakhala wofewa."

"Ukatchule dzina langa. Usakazungulire ngati madzi m'ngalande zanga zija."

Faiz anamwetulira, n'kumuchotsa kankhusu m'tsitsi. Chikondwero anamulola, ngakhale anali atatsimikiza popita kuti samulola.

Ali panjinga yobwerera ku Jenala, foni inanjenjemeranso. Nambala inali yachilendo.

"Ndine Jalia, mwana wa Che Idrisa. Mawa amuna akapita kumzikiti mudzandionetse pamwamba paja. Akuti ndisankhe makatani."

* * *

Jalia anafika atavala diresi lalitali lobiriwira ndi mpango wogwirizana nalo, akununkhira mafuta odula. Anali wokongola, tisabise, ndiponso wamtali. Masitepe aja anawakwera osagwira chitsulo, ndipo benchi ija sanaiyang'ane.

"Anthu akukutamani kwambiri, achemwali," anatero akuyendera zipinda. "Bambo anga akuti mutu wanu ndi wa amuna atatu."

"Muwathokoze. Inenso ndimawalemekeza kwambiri."

"Faiz amakonda kugona mutu utaloza kukhoma, osati kuzenera. Bedi lidzakhala apa." Analoza ndi chala chopaka utoto wa hina. "Miyezi imene anakhala kwathu ndinkamuphikira ndine. Atadwala malungo madzi aja atatha, phala ankalandira la m'manja mwanga mokha. Tiyi amamwa wa tsabola pang'ono, mumadziwa?"

Chikondwero sankadziwa. Zinamupweteka kuposa mmene ankayembekezera.

"Ine ndimadziwa za makoma," anayankha.

"Ndi zimene ndimaganiza."

Analowa kukhitchini. Jalia anachita zonse zimene anachita Mayi Ruqayya dzulo lake: anawerama pathebulo, dzanja lake linaphonya chogwirira cha kabati, anayang'ana tizitsulo ta zipande. Kusiyana kwake kunali kwakuti iye sanafunse funso. Anatembenuka n'kumuyeza Chikondwero ndi maso kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ulendo umene sunali wautali.

"Khitchini ndi yokongola. Koma mwini wake ndi wamfupi, ndiponso ndi wamanzere. Kwathu dzanja limenelo sitipatsira munthu chakudya."

"Kudya ndimadyera lamanja ngati inu nomwe. Lamanzereli ndi limene linajambula denga mwaima pansi pakeli."

Anayang'anizana. Chikondwero ankayembekezera chipongwe china, koma mawu a Jalia anatsika.

"Sindine chitsiru, achemwali. Ndinaona mmene amatchulira dzina lanu. Koma inenso sindinamuyambe dzulo. Ndinamuona akulowa pakhomo pathu atabereka amayi ake, malaya atang'ambika, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinayang'anenso mwamuna wina. Inu mwamujambulira nyumba, zikomo. Ine sindichoka."

Anatsika osasankha makatani.

Madzulo dzuwa likupendeka meseji ya Faiz inafika. "Ndinayamba bwinobwino. Ndisanafike pa dzina lako anayamba kulira za tsiku la madzi. Sindinathe. Ndiyesanso mawa kukacha, ndikulonjeza."

Chikondwero anaiwerenga ali pakhonde la amayi ake akusenda chinangwa. Anaika foni pansi n'kupitiriza kusenda.

* * *

Loweruka Migowi yense anasonkhana kutsogolo kwa mashopu atsopano. Kunali mpunga wa ku Chilwa wonunkhira mpaka kudepoti, nyama ya mbuzi, ndi matemba a anthu okana nyama. A Goliati anavala jekete n'kumauza aliyense kuti benchi ya pamasitepe inali nzeru yawo. Shehe anachita duwa, pemphero la Chisilamu, anthu n'kuyankha amina, a mpingo ndi Asilamu pamodzi. Che Idrisa anakhala kutsogolo, munthu wochepa thupi, wa ndevu zoyera, amene anaimirira kupatsa Chikondwero mpando wake atangomuona. Mtsikanayo analakalaka akanakhala munthu woipa.

Faiz anali ataima pafupi ndi chitseko cha shopu yoyamba. Nkhope yake inanena zonse: kukacha kuja sanathe.

Che Bashiri anaimirira n'kuyamba kuthokoza. Anathokoza Mulungu, amisiri, ndi amayi amene anatunga madzi a simenti. Kenako anaitana Chikondwero kuti aime pambali pawo.

"Anthu inu mukudziwa kuti ine ndinatsala ndi malaya okha. Mtsikana uyu ndinamupeza alibe ofesi, alibe galimoto, ali ndi pensulo basi. Lachitatu mvula ija mwaiona nonse. Ine ndagona tulo koyamba chichokereni Freddy." Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Sindimutcha wantchito. Kuyambira lero uyu ndi mwana wanga, mchemwali wake wa Faiz. Pakhomo panga asamagogode."

Nthungululu zinamveka. Chikondwero anagwada n'kuwomba m'manja, misozi ikutsika, ndipo iye mwini sakanatha kulekanitsa ya chimwemwe ndi inayo. Bambo ake omubereka anamwalira ali wamng'ono. Mawu amenewa anawalakalaka moyo wake wonse, ndipo lero anabwera ndi mchira umene sanaufune.

"Pali munthu wina," anapitiriza Che Bashiri, "amene popanda iye bwenzi lero mukudya mpunga wa sadaka yanga. Che Idrisa, m'bale wanga, ndinakulonjezani kuti tidzakhala banja limodzi." Anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa kiyi womangidwa kansalu kobiriwira. "Uyu ndi kiyi wa pamwamba. Mwana wanga Chikondwero, nyumba unajambula ndiwe. Tenga, ukapereke m'manja mwa mlamu wako Jalia."

Kiyi anagwera m'dzanja lake. Anali wozizira. Jalia anali ataimirira kale pakati pa amayi, manja awiri ali chitambasulire mwaulemu. Faiz anasuntha phazi limodzi.

"Bambo..."

"Dikirani kaye."

Mawuwo sanali a Faiz. Mayi Ruqayya anali akudzuka pamkeka, pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anthu onse anatembenuka, chifukwa mayi ameneyu pagulu sankayankhula.

"Bambo a Faiz, zaka zonsezi sindinakupempheni kanthu pamaso pa anthu. Lero ndipempha. Kanyumba kathu ka kuseri kali pansi. Mvula ikamagwa ine sindipuma bwino, ndimangomva madzi akubwera. Lachinayi ndinakwera pamwamba apo, ndipo mtima wanga unakhala pansi koyamba. Mwana uyu anandimangira masitepe a mawondo anga, anandiikira ndi popumira pomwe. Kiyi ameneyo ndipatseni ine. Ana ndi ana, ali ndi miyendo yothawira. Za ukwati tikambirana bwino nyumba yawo ikadzapezeka."

Palibe amene akanakana pempho lotero, ndipo Mayi Ruqayya ankadziwa. Amayi ena anayamba kupukuta m'maso. Che Idrisa ndiwo anayamba kugwedeza mutu kuvomereza.

"Alamu anena zoona," anatero. "Ndinawaona ndi maso anga padenga paja. Apatseni."

Chikondwero anayenda n'kugwada pamaso pa Mayi Ruqayya. Popereka kiyi anagwiritsa manja onse awiri. Mayiwo anamufinya zala mwamphamvu, n'kunong'ona osagwedeza milomo: "Khitchini yako ndikusungira. Ndiziwerama, palibe kanthu."

Chikondwero anaweramitsa mutu. Mumtima ankangoti zikomo, zikomo, ngati mwana wophunzira kuyankhula. Mayi wa mawondo owawa anali atasankha kukwera masitepe tsiku lililonse la moyo wake chifukwa cha iye. Atadzutsa maso anaona Faiz akupuma ngati munthu amene watula thumba la nandolo.

Koma Che Bashiri anali munthu wosakonda kusiya mawu ake panjira. Anasisita ndevu, n'kuyang'ana mnzawo uja.

"Ndiye tichita bwanji, m'bale wanga? Ine manyazi andigwira."

"Manyazi a chiyani?" anaseka Che Idrisa. "Ifetu timachita kutengera za m'tauni. Mwambo wathu suja mwamuna amapita kwa mkazi? Faiz abwere chikamwini ku Chiringa. Puloti ndili nayo pamsewu penipeni, njerwa zilipo kale zootcha. Timange ngati iyi, mashopu pansi, ana pamwamba. Chikondwerero cha Idi chikangodutsa timange ukwati wa nikahi, azikhala kwathu podikira denga."

Nthungululu zinabukanso, zoposa zoyamba. Faiz anafika pakati pa bwalo.

"Bambo, ine ndili ndi mawu."

"Mawu ako ukanena kwa shehe tsiku la nikahi," anayankha Che Bashiri akuseka, anthu n'kuseka nawo. "Taonani changu cha anyamata a masiku ano."

Che Idrisa anatembenukira kwa Chikondwero, amene anali adakagwada pamkeka. Nkhope yawo inali yoyera, yopanda chinyengo chilichonse.

"Mwana wanga, ine sindifuna wojambula wina. Amene wasunga nandolo za m'bale wanga asungenso mwana wanga. Lolemba ubwere udzayeze. Faiz adzakugwirira tepi monga kale."

Maso onse anali pa iye. Che Bashiri, bambo ake a lero lomwe, ankamuyang'ana monyadira, akudikira kuti mwana wawo avomere. Mayi Ruqayya anali atatseka maso, kiyi ali m'manja.

Jalia anadutsa pakati pa amayi, n'kugwada pambali pake ngati mlamu wabwino. Anamukonzera kolala ya bulauzi imene sinapindike n'komwe, n'kuyankhula motsitsa kuti amve yekha.

"Lolemba mudzayambe mwandiyeza ine, achemwali. Ndipo zenera la kukhitchini likhale kumanzere."